MLENDO NDI MAME: MLANDU WA GALIMOTO YA HAYALA

Pa misewu ya dziko lino pamayenda magalimoto ambiri amene owayendetsa si eni ake. Ena amatengedwa pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kapena pa bwalo la ku Chileka ndi alendo ochokera kunja. Ena amabwerekedwa ndi mabungwe amene antchito awo akukayendera ntchito m'maboma akutali. Enanso amabwerekedwa ndi mabanja pa nthawi ya chinkhoswe, ya ukwati, ya maliro, kapena pa ulendo wokapuma kunyanja ku Mangochi ndi ku Salima. Amenewa ndiwo magalimoto a hayala. Akamathamanga mumsewu wa M1 salekana ndi magalimoto ena onse, pakuti matayala ndi omwewo, hutala ndi yomweyo. Kusiyana kwawo kumadziwika tsiku la ngozi.

Magalimoto awiri wamba akagundana, eni ake amatsika nayang'anizana maso ndi maso. Angakalipirane, angalozane zala, koma aliyense amadziwa kumene angakampeze mnzake m'mawa mwake. Ikakhala kuti imodzi ndi ya hayala, zinthu zimatembenuka. Munthu amene watsika m'galimotomo si mwini wake; mwini wake ali mu ofesi ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndipo sakudziwa kanthu; pamene amene adzatulutse ndalama ndi wachitatu, kampani ya inshuwalansi, imene sidaone ngoziyo ndipo sikhulupirira chilichonse chosalembedwa. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wobwereka galimoto ndi mlendo wotero: lero ali pamsewu, mkuja ali m'ndege kapena wabwerera kwawo ku Karonga. Chifukwa chake mlandu wa galimoto ya hayala umakonzeka kapena kuonongeka mu ola loyamba, mame asanakamuke, ndipo chimene chimaupulumutsa si ukali wa pakamwa ayi, koma zolembedwa.

Thumba la anthu ambiri

Achinyamata ambiri akangotsiriza sukulu amathamangira kukaphunzira kuyendetsa galimoto, ndipo aphunzitsi ambiri amasunga ndalama kwa zaka zingapo, ena mpaka kukongola, kuti agule kagalimoto kogwirapo kale ntchito kochokera ku Japan. Onsewa amadziwa kuti pagalasi la kutsogolo payenera kumatidwa kapepala ka inshuwalansi, koma ambiri amakayesa chiphaso chodutsira pa rodibuloko basi. Kunena zoona, kapepalako ndi umboni wa pangano, ndipo tsiku la tsoka panganolo ndilo limalankhula.

Inshuwalansi ndi thumba limene anthu ambiri amasonkhamo pang'onopang'ono, kuti amene tsoka lamugwera asasenze yekha katundu womulaka. Nzeru yake silekana ndi ya thumba la maliro la kumpingo kapena la aphunzitsi pasukulu: mutu umodzi susenza denga. Ntchito imeneyi idakulira mu mzinda wa London, kumene eni zombo ndi amalonda ankakumana m'nyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd cha m'ma 1688, nagawana chiopsezo cha zombo zopita kutali. Magalimoto atachuluka, anthu ogundidwa nasowa wowalipira, dziko la Britain lidakhazikitsa lamulo mu 1930 loti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena. M'Malawi muno lamulo la pamsewu la Road Traffic Act la 1997 likunena zomwezo: kuyendetsa galimoto pamsewu popanda inshuwalansi yotere ndi mlandu.

Mitundu yodziwika ilipo iwiri. Woyamba ndi third party. Dzinali likuchokera pa kuwerenga anthu: woyamba ndi mwini galimoto, wachiwiri ndi kampani imene wapangana nayo, wachitatu ndi wina aliyense amene galimotoyo yamupweteka kapena kumuonongera katundu. Inshuwalansi imeneyi imalipira wachitatuyo. Galimoto ya mwini wake siyikonza, ngakhale itaphwanyika chotani. Mtundu wachiwiri ndi comprehensive, umene umaonjezapo kukonza galimoto ya mwini wake, ngakhale wolakwa atakhala iye mwini. Mitundu yonse iwiri ili ndi malire a ndalama olembedwa m'pangano, ndipo malire amenewa ndiwo amaliza anthu ambiri.

Atatu kumbuyo kwa galimoto imodzi

Funso loyamba limene wogundidwa ayenera kulipezera yankho ndi lakuti, kodi amene anali pachiwongolero ndani, ndipo adakhalapo bwanji? Hayala ili pawiri. Pali yotenga galimoto pamodzi ndi dalaivala wa kampani, monga amachitira mabungwe ndi alendo osadziwa misewu. Palinso yoti wobwerekayo ayendetse yekha. Dalaivala akakhala wantchito wa kampani, mlandu sutalika, pakuti bwana amayankha zimene wantchito wake walakwa pogwira ntchito imene adamulembera. Koma wobwereka akayendetsa yekha pa ulendo wakewake, kulakwako ndi kwake.

Mfundo imeneyi idachokera m'malamulo a Angerezi, amene makhoti a dziko lino adatengerako maziko kuyambira mu 1902, dzikoli lisanatchedwe n'komwe Nyasaland. Mfundoyo ikuti munthu sapalamula mlandu chifukwa chabe chakuti galimoto ndi yake. Pafunika kuti woyendetsayo akhale wantchito wake kapena womutumikira pa ulendowo. Khoti lalikulu la ku Britain lidaitsimikizanso mu 1972 pa mlandu wa Morgans ndi Launchbury. Motero munthu amene athamangira ku ofesi ya kampani ya hayala kukamenya tebulo akhoza kungolandiridwa ndi mawu ofatsa akuti, "Pepani bambo, galimoto ndi yathu ndithu, koma pachiwongolero sitinali ife."

Komatu khomo silinatsekeke. Kampani ya hayala yoyendetsedwa bwino imalembetsa magalimoto ake ku inshuwalansi kuti ndi obwereketsa, ndipo chitetezocho chimafikira munthu amene wavomerezedwa kuyendetsa. Kuonjezera apo, gawo 148 la lamulo la pamsewu lija limapatsa wolakwiridwa ufulu wolondola kampani ya inshuwalansi mwachindunji, m'dzina la iye mwini, kuti imulipire zimene wotetezedwa wake akadayenera kulipira, malinga zisapitirire malire a panganolo. Tanthauzo lake ndi lakuti mlendo angathawe, koma inshuwalansi sithawa. Chofunika ndi kuidziwa dzina, ndi kukhala ndi umboni wolumikiza mlendoyo, galimotoyo ndi ngoziyo.

Ola loyamba

Lamulo limafuna kuti woyendetsa aliyense amene wachita ngozi aime, aone ngati pali wovulala ndi kumuthandiza, apereke dzina lake ndi kumene amakhala, dzina la mwini galimoto ndi nambala yake, ndiponso kuti ngoziyo inenedwe ku polisi msanga. Moyo ndiwo woyamba. Za chitsulo zimadza pambuyo. Ovulala akasamalika, ntchito yolemba iyambe pomwepo, mtima ukadagunda.

Zolemba zake ndi izi: nambala ya galimoto ya hayalayo, mtundu wake, dzina la kampani ya inshuwalansi ndi nambala zimene zili pa kapepala ka pagalasi, tsiku limene inshuwalansiyo idzathe, dzina la woyendetsa monga lilili pa laisensi yake, ndi nambala ya laisensiyo. Pa galimoto wamba izi zikadakwana. Pa ya hayala pafunika zinanso: dzina la kampani yobwereketsa ndi lamya yake, ndiponso pepala la pangano la hayala, limene wobwereka amapatsidwa potenga galimoto. Pepala limeneli lijambulidwe ndi foni, pakuti ndilo limaonetsa amene adaloledwa kuyendetsa ndi tsiku lobweza galimotoyo. Woyendetsa akakhala wochokera kunja, afunsidwe mwaulemu kumene wafikira, tsiku limene akuchoka, ndi keyala ya kwawo. Kenaka kampani yobwereketsayo iimbiridwe lamya onse awiri ali pomwepo, kuti mwini galimoto amve za ngoziyo woyendetsa asanaikonze nkhani m'njira.

Zithunzi zijambulidwe magalimoto asanasunthidwe: mmene aimira, pamene agundana, mikwasa ya matayala pa phula, magalasi osweka, zikwangwani za pamsewu, ngakhalenso zipsera zakale za pa galimoto ya hayalayo, zimene mawa zikhoza kuwerengedwa ngati zatsopano. Mboni nazo zisaiwalike. Pa ngozi anthu amasonkhana ngati pamsika, koma pakatha theka la ola amabalalika. Mboni yabwino ndi imene ili ndi malo ake: mayi wogulitsa tomato pambali pa msewu, mnyamata wootcha chimanga, wa kabaza wa pasiteji, mlonda wa pageti. Amenewa adzapezeka pomwepo mwezi wamawa.

Apolisi a pamsewu akafika amayeza malo, najambula mapu a ngoziyo, nalemba mawu a oyendetsa. Lipoti lawo ndilo pepala loyamba limene a inshuwalansi amafunsa. Limalipiridwa, ndipo wolipira alandire lisiti la boma. Amene wamva kupweteka, ngakhale pang'ono, apite kuchipatala tsiku lomwelo kuti zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, chifukwa khosi ndi msana zimayamba kulira patapita masiku, ndipo ululu umene sudalembedwe ndi wovuta kuumangirira pa ngozi.

"Tingomvana, achimwene"

Msampha waukulu umatcheredwa ndi mawu okoma. Wobwereka galimoto amadziwa kuti ku kampani adasiyako chikole, ndipo ngozi ikadziwika chikolecho chidzadyedwa. Amaopanso kuchedwa pa ulendo wake. Tsono amamuitanira pambali mnzakeyo, nati, "Achimwene, za polisizi zingotichedwetsa, tingomvana pompano." Dzanja limalowa m'thumba, ndalama zimaoneka, ndipo wogundidwa, amene mwina malipiro ake a mwezi safika pamenepo, amaona ngati mwayi wamugwera.

Mwachitsanzo, mphunzitsi akhoza kulandira K200,000 poona kuti chaonongeka ndi bampala ndi nyali imodzi. Ku galaja makaniko potsegula boneti apeza kuti rediyeta yaboola, chitsulo chonyamula injini chapindika, ndipo zonse pamodzi zifuna K1,500,000. Pobwerera kuti akadandaule, mlendo uja wapita. Lipoti la polisi palibe. Kampani ya hayala ikuti galimoto yake idabwezedwa popanda nkhani ya ngozi, pakuti wobwereka adaiwongoletsa mwamseri. Apo mphunzitsi watsala ndi mawu ake okha. Zimachitikanso kuti wobwerekayo akafika ku kampani amaitembenuza nkhani, nanena kuti iye ndiye adagundidwa ndi munthu amene adathawa.

Palinso msampha wa ulemu. Mmalawi amapepesa ngakhale pamene sadalakwe. Mnzake akapunthwa yekha amati pepani. Khalidwe limeneli ndi labwino ndipo lisatayidwe. Kufunsa za moyo wa mnzako ndi kumumvera chisoni si kuvomera mlandu. Koma kulemba ndi kusaina kuti "ndalakwa ndine, ndidzakonzetsa" ndi chinthu china. Mapangano a inshuwalansi amaletsa wotetezedwa kuvomera mlandu kapena kulonjeza malipiro popanda chilolezo cha kampani, popeza ndalama zimene akulonjezazo ndi za thumba la anthu ambiri. Woyendetsa anene zoona zonse za mmene zidachitikira, kwa apolisi ndi kwa kampani yake; zoti wolakwa ndani zigamulidwe ndi umboni.

Njira ziwiri za wogundidwa

Wolakwa akakhala woyendetsa galimoto ya hayala, wogundidwa ali ndi njira ziwiri, malinga ndi mtundu wa inshuwalansi yake. Amene ali ndi comprehensive akhoza kupita ku kampani yake yomwe. Aidziwitse msanga, masiku olembedwa m'pangano asanathe, nadzaze fomu yake mosamala. Adzafunsidwa laisensi, bulubuku, chiphaso chotsimikiza kuti galimotoyo inali yoyenera kuyenda pamsewu, lipoti la polisi, ndi mitengo yokonzera yochokera ku magalaja awiri kapena atatu. Kampani imatumiza katswiri wake, amene amamutcha assessor, kuti akaone kuonongekako ndi maso. Galimoto isakhudzidwe ndi sipanala katswiriyu asanaione, pakuti chokonzedwa kale sichichitira umboni.

Njira imeneyi ndi yachangu, koma ili ndi mtengo wake. Mwini galimoto amalipira yekha gawo loyamba la ndalama zokonzera, limene limatchedwa excess, ndipo kuchotseredwa kumene kampani imapatsa osachita ngozi kukhoza kukhudzidwa. Ikatha kulipira, kampaniyo imatenga mlanduwo kukhala wake, nilondola wolakwa ndi inshuwalansi yake kuti ibwezeredwe. Mwini galimoto ali ndi ufulu woitanitsa excess yake kwa wolakwayo, ndipo ndi bwino kuikumbutsa kampani yake kuti polondola zake ilondolenso zimenezo.

Amene ali ndi third party yokha, monga alili eni magalimoto ambiri, ayenda yekha. Kampani yake aidziwitse ndithu za ngoziyo, kuopa kuti mbali inayo ingadzamutembenukire, koma asayembekezeko ndalama. Dandaulo lake lipite ku inshuwalansi ya galimoto ya hayalayo, ndipo lipite m'kalata. Apa ndi pamene kalata ya ntchito, imene ophunzira amaiyesa chinthu cholembera mayeso chabe, imaonetsa phindu lake. Kalatayo itchule tsiku, nthawi ndi malo a ngozi, nambala za magalimoto onse awiri, dzina la woyendetsa ndi la kampani ya hayala, mmene ngoziyo idachitikira m'ziganizo zochepa zosakokomeza, ndi ndalama zimene zikufunidwa. Kumbuyo kwake kumangiriridwe makope a lipoti la polisi, zithunzi ndi mitengo ya ku galaja. Kope lina lipite ku kampani ya hayala, lina kwa woyendetsa ngati keyala yake ikudziwika, ndipo lotsala lidindidwe chidindo cha tsiku limene kalatayo yalandiridwa. Zonse zokambidwa pa lamya zitsatidwe ndi kakalata kofotokoza zimene adagwirizana, tsiku lake, ndi dzina la amene adalankhula naye.

Chimene chimalipiridwa

Inshuwalansi silemeretsa munthu. Cholinga chake ndi kumubwezera pamene anali ngozi isanachitike, osapitirira apo. Oweruza a ku England adaikhazika bwino mfundo imeneyi mu 1883 pa mlandu wa Castellain ndi Preston. Motero mwini galimoto ya zaka 15 asayembekeze yatsopano. Ndalama zokonzera zikayandikira kapena kupitirira mtengo wa galimotoyo, kampani imaiwerenga ngati yotheratu, nilipira mtengo umene ikadagulidwa nawo pamsika ngozi isanachitike; chigoba chake chimatengedwa ndi kampani, kapena mtengo wake umachotsedwa pa malipiro ngati mwini wake afuna kuchisunga. Amene sakukhutira ndi mtengo wa katswiri wa kampani akhoza kusonkhanitsa mitengo ya magalimoto ofanana nayo amene akugulitsidwa, kapena kulemba katswiri wakewake.

Pa zaka zapitazi nkhani ya mitengo yakhala yowawa. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Popeza zipangizo za magalimoto zimachokera kunja, mitengo yake idakwera, pamene ndalama zolembedwa m'mapangano sizikwera zokha. Mwini galimoto amene amangobwereza mtengo wakale chaka ndi chaka, pofuna kusonkha zochepa, amadzalandira zochepanso. Chimodzimodzi malire a third party ya galimoto ya hayala akhoza kuchepera kuonongeka kumene kwachitika. Zotsalazo mwini ngongole ndi woyendetsa uja, ndipo apa ndi pamene keyala yolembedwa pamsewu imasanduka chuma.

Kupatula kukonza, wolakwiridwa akhoza kuitanitsa kwa wolakwa ndalama zokokera galimoto kupita ku galaja, ndi zimene wataya poyenda m'njira zina pamene yake inali kukonzedwa. Koma zonsezi zimafuna malisiti. Zikapezeka kuti oyendetsa onse awiri adalakwa, wina pothamanga, wina polowa mumsewu osayang'ana, kulakwako kumagawidwa ndipo malipiro amachepa molingana. Pomaliza kampani imapereka pepala loti wolandira asaine kuti mlandu watha. Pepala limeneli liwerengedwe mawu ndi mawu, chifukwa likasainidwa nkhani yatsekeka. Makamaka wovulala asafulumire kulisaina adokotala asananene mmene thupi lake lidzakhalire.

Wolakwa akakhala mwini galimoto wamba

Mlandu umalemera koposa pamene wogunda ndi mwini galimoto wamba, wogundidwa n'kukhala ya hayala. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, magalimoto a hayala ambiri ndi atsopano ndi okwera mtengo. Nyali imodzi ya Toyota Land Cruiser ikhoza kudya malipiro a miyezi. Chachiwiri, galimotoyo ndi munda wa kampani. Tsiku lililonse limene yagona ku galaja ndi tsiku losakolola, ndipo kampani ili ndi ufulu woitanitsa zimene yataya pa masiku amenewo. Zonsezi zikaphatikizidwa zimapitirira malire a third party mosavuta, ndipo zotsala zimagwera wolakwayo.

Kawirikawiri pamakhala bata la miyezi ingapo, munthu nayesa kuti nkhani idazizira. Kenaka imafika kalata yochokera ku inshuwalansi ya kampani ya hayala, kapena kwa loya wake, yoitanitsa ndalama zimene idalipira. Kalata yotere siyenera kubisidwa pansi pa mphasa, ndiponso siyenera kuyankhidwa ndi munthu payekha. Ipite tsiku lomwelo ku kampani yake ya inshuwalansi, imene ili ndi udindo womuyankhira malinga ndi pangano. Koma imatero pokhapokha ngati idadziwitsidwa za ngoziyo pa nthawi yake. Chisamani cha ku khoti nacho chisanyozedwe, pakuti wosayankha amagamulidwa iye kulibe, ndipo mathero ake ndi masherifu pakhomo.

Ngakhale wolakwa ali ndi ufulu wake. Akhoza kufunsa lipoti la katswiri, malisiti a ku galaja, ndi pepala limene lidalembedwa potulutsa galimotoyo, loonetsa zipsera zimene inali nazo kale. Akhozanso kufunsa chifukwa chimene galimoto yofuna sabata imodzi idakhalira ku galaja miyezi iwiri, popeza lamulo limayembekeza kuti wolakwiridwa achite zotheka kuchepetsa kutaya kwake. Kulipira cholakwa ndi chilungamo. Kulipira ngozi za ena zakale si chilungamo ayi.

Hayala ya mseri

Si hayala yonse imene ili ndi ofesi ndi chidindo. M'matauni muli anthu ambiri amene amabwereketsa magalimoto awo pa ndalama kumapeto a sabata, pamene ku inshuwalansi adalembetsa kuti ndi oyendera iwo eni ndi mabanja awo. Pangano la inshuwalansi limaima pa kunena zoona zonse, monga adagamulira Lord Mansfield mu 1766 pa mlandu wa Carter ndi Boehm, ndipo mapangano a magalimoto wamba salola kuyendetsa galimoto pa hayala. Ngozi ikachitika kampani ikhoza kukana, mlandu n'kutalika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: hayala yotsika mtengo ya kwa mnansi ikhoza kusiya banja la akwati ndi ngongole imene mphatso zonse za pa perekaniperekani sizingaitseke. Wogundidwa ndi galimoto yotere alembe dzina la mwini wake ndi la woyendetsa mosamala koposa, chifukwa mwina adzayenera kulondola iwo eni.

Nawonso obwereka ku kampani yeniyeni awerenge asanasaine: ndani akuloledwa kuyendetsa, excess ndi zingati, chikole chidzabwezedwa liti, ndipo ndi zinthu ziti zimene zimafafaniza chitetezo. Pa ukwati makiyi amayenda kuchoka kwa wapampando wa komiti kupita kwa mlamu, kuchoka kwa mlamu kupita kwa mphwake amene adangotenga laisensi dzana. Amene dzina lake silili pa pepala akachita ngozi, kapena woyendetsa akapezeka ataledzera, wosaina ndiye amasenza. Galimoto ikakhala ya nambala ya dziko lina, monga Zambia, wogundidwa afunse ngati ili ndi Yellow Card ya COMESA kapena inshuwalansi yogulidwa pachipata, najambule pepalalo, pakuti dandaulo la pa Yellow Card limasamalidwa ndi ofesi ya m'dziko limene ngozi yachitikira.

Mlandu umene umaola

Pabwalo la mfumu amati mlandu suola, koma wa inshuwalansi umaola. Gawo 148 lija likunenanso kuti ufulu wolondola kampani ya inshuwalansi mwachindunji umatha pakapita zaka 2 chichitikire ngoziyo, pokhapokha ngati mlandu udalowa kale ku khoti. Munthu amene amangouzidwa kuti "bweraninso mwezi wamawa" aziwerenga miyezi imeneyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma kudekhako kuyende ndi kalata yokumbutsa, yotchula tsiku limene yoyamba idalandiridwa.

Kampani ikakana, ipemphedwe kulemba chifukwa chake. Dandaulo likapanda kumveka kwa akuluakulu a kampaniyo, pali kwina kopita. Kuyambira mu 2010, lamulo la Financial Services Act lidaika makampani a inshuwalansi m'manja mwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a anthu. Zikakanika pamenepo, khoti lilipo, ndipo osowa ndalama za loya akhoza kukafunsa thandizo ku Legal Aid Bureau. Oyenera kupewedwa ndi madobadoba amene amazungulira pa polisi ndi pachipatala, nalonjeza kufulumizitsa chipukuta misozi, kapena kukweza mitengo ya ku galaja kuti agawane. Bodza limodzi lopezeka m'mapepala limagwetsa dandaulo lonse, ngakhale mbali yake yoona, ndipo ndi mlandu wa chinyengo.

Ngozi siuza tsiku, ndipo amene waichita kumene sakumbukira zonse zofunsa. Manja amanjenjemera, anthu amalankhula onse nthawi imodzi. Chifukwa chake woyendetsa wanzeru amakonzekeratu kunyumba. Amawerenga pangano lake nadziwa malire ake, amasunga nambala ya lamya ya kampani yake, ndipo m'kabokosi ka m'galimoto amaikamo kabuku ndi cholembera, mafunso onse aja atalembedwa kale patsamba loyamba. Safunsa adadya phula. Wofunsa, nalemba mayankho mlendo akadali pomwepo, amakafika kwa a inshuwalansi ndi dzina, nambala, chithunzi ndi mboni, ndipo mlandu wake umayenda ngakhale amene adamugunda ali kale kutsidya kwa nyanja.